Masiku Awiri ku Roma: Yankho kwa Mayi Amene Akupita ku Msonkhano wa FAO

Mayi ena amene amagwira ntchito za ulimi ku Lilongwe andilembera imelo yonena kuti mwezi wa Okutobala apita ku msonkhano ku likulu la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ku Roma, ndipo msonkhanowo ukatha adzatsala ndi masiku awiri asanakwere ndege yobwerera. Akufunsa ngati masiku amenewo angakwane kuti aone Vatican, Colosseum, Pantheon ndi kasupe wa Trevi, ndiponso ngati pali malo ena oti asawaphonye.

Mayi, malo anayi mwatchulawo mungathe kuwaona, koma ndikukupemphani kuti muwapatse tsiku limodzi lokha, tsiku linalo mulisunge kuti muyende pansi m'madera amene anthu a mumzindawo amakhala. Za tsiku loyambalo ndinena mwachidule. Lawirirani m'mamawa ku tchalitchi cha Petro Woyera mizere isanatalike. Kulowa n'kwaulere, koma salola munthu amene mapewa kapena mawondo ake ali poyera. Matikiti a Colosseum, bwalo limene linatsegulidwa m'chaka cha 80, muguliretu pa intaneti mudakali kuno. Pantheon, kachisi wa Aroma akale, musailambalale, chifukwa denga lake lozungulira, lotambalala mamita 43, laima kuyambira nthawi ya mfumu Hadrian, ndipo nyumbayi inapulumuka kugumulidwa kaamba koti m'chaka cha 609 anaisandutsa tchalitchi. Ku Trevi mphindi khumi n'zokwana, popeza anthu amathithikana kwambiri.

Ngati mutapeza ola limodzi mutachoka ku Colosseum, pitani ku tchalitchi cha San Clemente, chimene chili pafupi pomwepo ndipo alendo ambiri amachidutsa osadziwa chimene chili pansi pake. Tchalitchi cha pamwamba chinamangidwa m'zaka za m'ma 1100. Mukatsika masitepe mumafika m'tchalitchi china cha m'zaka za m'ma 300, ndipo mukatsikanso mumapeza zipinda za nthawi ya Aroma akale pamodzi ndi kachisi wa mulungu wotchedwa Mithras, kwinaku mukumva madzi akuyenda pansi pa nthaka. Wansembe wa ku Ireland, Joseph Mullooly, ndiye anayamba kukumba malowa m'chaka cha 1857. Ine ndimaona kuti munthu amene watsika m'menemo amamvetsa mzinda wonsewo, chifukwa ku Roma m'badwo uliwonse unkamanga pamwamba pa zimene unazipeza, monga momwe mudzi umamangira pa bwinja la makolo.

Tsiku lachiwirilo muyambire pakhomo pa FAO penipeni, pafupi ndi siteshoni ya Circo Massimo. Nyumba imene mudzachitiremo msonkhanoyo anaiyamba nthawi imene Mussolini ankalamulira Italy kuti ikhale unduna woyang'anira maiko a mu Africa amene Italy ankawalamulira, ndipo patsogolo pake panaima chipilala chamwala cha ku Axum chimene anachilanda ku Ethiopia m'chaka cha 1937, n'kuchibweza m'chaka cha 2005. Munthu wochokera ku Africa ayenera kuidziwa mbiri imeneyi asanalowe pa chipata chimenecho.

Kuchokera pamenepo kwerani phiri la Aventino, dera labata la nyumba za amonke ndi mitengo ya malalanje. Tchalitchi cha Santa Sabina, cha m'zaka za m'ma 400, chili ndi chitseko chamatabwa cha nthawi yomweyo, ndipo pa chitsekocho pali chimodzi mwa zosema zakale kwambiri zoonetsa Yesu atapachikidwa. Munda wa malalanje uli pambali pake, ndipo mukaima kumapeto kwake mumaona mtsinje wa Tiber ndi denga la Petro Woyera chapatali.

Mukatsika phirilo n'kutsatira mtsinje, mudzafika ku dera la Ayuda, lotchedwa Ghetto, ndipo kumeneko muyende mwachifatse. M'chaka cha 1555 Papa Paulo IV analamula kuti Ayuda onse a mumzindawo azikhala m'kadera kakang'ono ka m'mphepete mwa mtsinje, kamene kankasefukira madzi, ndipo zipata zake ankazitseka usiku. Lamulo limeneli linatha m'chaka cha 1870, ndipo sunagoge wamkulu amene mudzamuone anamalizidwa m'chaka cha 1904. Pa 16 Okutobala 1943 asilikali a Germany anagwira Ayuda opitirira 1,000 mumzindawo n'kuwatumiza ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz, ndipo anabwerako ndi anthu 16 okha. Poyenda muziyang'ana pansi, chifukwa pamakomo ena pali timiyala tamkuwa tolembedwa dzina la munthu amene anatengedwa m'nyumbamo, chaka chimene anabadwa ndi kumene anafera. Popeza mudzakhalako mwezi womwewo wa Okutobala, n'kutheka kuti mudzapeza maluwa ataikidwa pamalo ena. Chakudya chamasana mudyere komweko, mulawe masamba a artichoke okazinga m'mafuta, amene Ayuda a ku Roma amadziwika nawo.

Kenako wolokani pa mlatho wa Fabricio, umene unamangidwa zaka 62 Yesu asanabadwe ndipo anthu akuwolokerabe mpaka lero, mudutse pachilumba chapakati pa mtsinje, mulowe ku Trastevere. Dera limeneli ndi la tinjira topapatiza ta miyala, ndipo madzulo limadzaza ndi anthu odya ndi kumwa, koma chifukwa chimene ndikukutumizirani kumeneko n'china. Pafupi ndi tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere pali nyumba yakale ya masisitere imene ndi likulu la gulu la Akatolika la Sant'Egidio, limene Andrea Riccardi anayambitsa m'chaka cha 1968. M'nyumba imeneyo ndi mmene nthumwi za boma la Mozambique ndi za Renamo zinkakambirana kuyambira m'chaka cha 1990, mpaka pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano lamtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amene anakulira ku Nsanje, Mwanza, Dedza kapena Ntcheu akukumbukira misasa ya anthu othawa nkhondo, amene chiwerengero chawo chinafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko lathu, ndipo anthu amenewo anayamba kubwerera kwawo chifukwa cha zokambirana za m'nyumba imeneyi, yomwe kunja kwake sikuoneka kuti n'kwapadera. Gulu lomweli ndi limene limayendetsa ntchito ya DREAM yothandiza anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kuno kwathu. Madzulo anthu a gululi amapemphera m'tchalitchi cha Santa Maria chija, pansi pa zithunzi za timiyala tagolide za m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, ndipo aliyense amaloledwa kukhala nawo.

Ulendo wonsewu ndi wapansi, choncho valani nsapato zafulati, popeza misewu yambiri ndi ya timiyala takuda tomwe timaterera kukagwa mvula, ndipo mu Okutobala mvula imagwa. Madzi musagule. Tengani botolo muzitunga pa mipope yachitsulo ya m'misewu, imene imatuluka madzi abwino akumwa usana ndi usiku. Matchalitchi ang'onoang'ono ambiri amatseka masana n'kutsegulanso chakumadzulo, choncho onani nthawi zake musananyamuke. Chikwama muzichigwirira kutsogolo mu sitima yapansi ndi mu basi ya nambala 64 yochokera ku siteshoni yaikulu ya Termini kupita ku Vatican, chifukwa opisa m'matumba amaikonda. Pobwerera usiku kuchokera ku Trastevere, kwerani tramu (sitima yoyenda mumsewu) ya nambala 8, ikakutsitsani ku Piazza Venezia, kumene mabasi a mbali zambiri za mzindawo amadutsa.