Mwana wanu ayambire pa funso lakuti anafunsidwa ndani

Mayi ena a ku Mbare, kuno ku Harare, andilembera za mwana wawo wamkazi amene ali Fomu 6. Aphunzitsi a History amupatsa funso lakuti afotokoze momwe madera olamulidwa ndi atsamunda ankaphatikizidwira kukhala dziko limodzi la chitaganya. Mwanayo waloweza zaka zonse koma mamakisi sakukwera, ndipo bambo ake ayamba kunena kuti mbiri yakale sidyetsa munthu.

Mayi, kuloweza zaka si kulakwa, koma wochonga mayeso amafuna zifukwa. Mwanayo aike zitaganya ziwiri pambalipambali.

Choyamba ndi cha Australia. Kumeneko kunali madera asanu ndi limodzi a Britain, lililonse ndi boma lake. Katundu akawoloka mtsinje wa Murray kuchoka ku New South Wales kulowa ku Victoria ankamulipiritsa msonkho, ndipo njanji zawo zinali zosiyana m'lifupi moti anthu ankatsika pamalire n'kukwera sitima ina. Zimenezi zinawatopetsa. Anakambirana kwa zaka, anthu n'kuponya voti dera ndi dera pakati pa 1898 ndi 1900, ndipo pa 1 Januwale 1901 dzikolo linabadwa. Sydney ndi Melbourne atalimbirana ulikulu, anamanga mzinda watsopano wa Canberra kuti pasakhale wodandaula. Koma asaiwale kulemba kuti eni nthaka, Aaborijini, anasiyidwa panja pa zokambiranazo.

Chachiwiri ndi chathu chomwechi, ndipo likulu lake linali mumzinda uno, nthawi imeneyo ukutchedwa Salisbury. Mu 1953 Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anamangidwa mtolo umodzi. Voti inachitika ku Southern Rhodesia kokha, ndipo pafupifupi onse oponya anali azungu. Mafumu a ku Nyasaland anakana. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chifukwa cholimbana ndi boma pa nthawiyo. Nyumba ya malamulo ya chitaganya inali ndi mipando 35, ya anthu akuda isanu ndi umodzi basi. Ku Northern Rhodesia kunkachokera mkuwa, ku Nyasaland manja ogwira ntchito, mafakitale n'kumamera kuno. Inde, damu la Kariba linamangidwa, ndiponso koleji ya ku Mount Pleasant imene lero ndi University of Zimbabwe, ndiye mwanayo asabise zimenezo, wochonga amakonda wophunzira woona mbali zonse. Koma chinthu chokakamiza sichikhalitsa. Kamuzu anabwerera kwawo mu Julaye 1958 kukatsogolera otsutsa chitaganyacho, pa 3 Malichi 1959 anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, Gweru wa lero, ndipo pa 31 Disembala 1963 chitaganya chinatha, patangopita zaka khumi. Godfrey Huggins ndi Roy Welensky, nduna zazikulu zake, awatchule pamene akufotokoza zimenezi, osati kungowandandalika ngati mayina a pamaliro.

Ndiye ndime iliyonse ya nkhani yake iyankhe kuti anafunsidwa ndani, anapindula ndani. Akatero zaka zija zidzapeza pokhala zokha.

Pali china chimene mwana wanu ali nacho chomwe anzake ambiri m'kalasimo alibe. Mwalemba kuti agogo ake aamuna anachokera ku Dedza zaka zomwezo ndipo akadali moyo. Mayi, buku lina ndi limenelo! Ine agogo anga ankasunga chitupa chawo m'kachitini ka fodya, chitapindikapindika mpaka zilembo kufufutika, ndipo ndinayamba kufuna kuwafunsa atapita kale. Mwanayo akhale nawo pansi Lamlungu masana, foni ikujambula mawu, awafunse kuti anabwera bwanji, pansi kapena pa lole, ankalandira zingati, ndipo nkhani ya Kamuzu inkawafika bwanji kukomboni. Pamayeso sadzalemba kuti agogo anati, koma zimene akuwerenga zidzayamba kumveka.

Za bambo akewo, musakangane nawo. Nkhawa yawo ndi yoona, ntchito zavuta. Auzeni kuti History payokha si ntchito, koma ndi imodzi mwa maphunziro amene amatsegula khomo la zamalamulo, uphunzitsi, utolankhani ndi ntchito yosunga zolembedwa zakale. Chachikulu ndi mapointi a maphunziro onse atatu, choncho kusiya limodzi panopa, Fomu 6 ili mkati, n'kumuvulaza mwanayo. Ngati akufuna zamalamulo, afunse msanga kuyunivesite mapointi amene akufunika chaka chino, chifukwa mpikisano wake ndi woopsa.

Tchuthi chikubwerachi mupite naye ku National Archives, mumsewu wa Borrowdale. Bambo akenso apite nawo. Muyambe mwaimba foni kufunsa masiku otsegula ndi ndalama yolowera, ndipo mwanayo atenge chitupa chake ndi pensulo.