Chipsepse chopindika cha halfbeak yaimuna

FUNSO: Ndimaweta nsomba za halfbeak m'thanki yagalasi, ndipo ndaona kuti chipsepse chakumimba, chapafupi ndi mchira, n'chachifupi komanso chopindika pa zazimuna, pomwe pa zazikazi n'chotambasuka bwino. Kodi chimenechi n'chilema kapena matenda?

YANKHO: Musadandaule, nsomba zanu zili bwino. Chimene mwaonacho ndi chiwalo chothandiza pa kubereka, chomwe akatswiri amachitcha andropodium, ndipo chimaoneka yaimuna ikakhwima.

Nsomba zimenezi, zomwe chibwano chake cham'munsi chimatalika kuposa cham'mwamba, ndi za m'banja la Zenarchopteridae, ndipo zambiri zimapezeka kumwera chakum'mawa kwa Asia. Za m'magulu a Dermogenys ndi Nomorhamphus siziikira mazira koma zimaswa ana amoyo, kotero umuna uyenera kulowa m'thupi la yaikazi, ndipo apa ndi pamene chipsepsecho chimagwira ntchito.

Chipsepse chilichonse chimachirikizidwa ndi timafupa topyapyala, ndipo pa yaimuna ya m'magulu awiriwa timafupa takutsogolo timafupika, kunenepa ndi kupindikira kumbuyo. Kofunika kwambiri ndi kafupa kachiwiri, kamene kali ndi popindika ngati bondo, potchedwa geniculus, ndipo chakunsonga kwake kuli timinga tiwiri pamodzi ndi kansonga kosongoka kotchedwa spiculus, komwe pa mitundu ina kamakhala kamfundomfundo. Pafupi ndi timingato pali kathumba kakhungu lopyapyala, physa, pomwe tsinde la timafupato limakutidwa ndi khungu lopindika lotchedwa cryptoplica. Zonsezi zili pa nsomba yomwe kutalika kwake kumangofika masentimita ochepa, ndiye kuti muzione bwino pafunika galasi lokulitsa zinthu, ndipo n'zoyeneradi kuziona, chifukwa kapangidwe kake n'kogometsa.

Pali cholakwika chimene oweta ambiri amachita, chomwe ndi kuganiza kuti chiwalochi n'chimodzimodzi ndi gonopodium, chipsepse choberekera cha guppy yaimuna, kansomba kena kowetedwa m'thanki komwe nakonso kamaswa ana amoyo. Sizili choncho. Ya guppy imapangidwa ndi kafupa kachitatu, kachinayi ndi kachisanu, timene timatalika, pomwe ya halfbeak imakhala yaifupi, ndipo mabanja awiriwa anafika pa kuswa ana amoyo aliyense payekha. Umuna wa halfbeak umatuluka uli m'timagulu kudzera pa kachiwalo kotumphuka komwe kali kutsogolo kwa chipsepsecho, ndipo akatswiri amaona kuti andropodium imathandiza kulunjikitsa kachiwaloko pa nthawi yokwerana, yomwe imachitika mwachangu kwambiri.

Popeza maonekedwe a spiculus amasiyana mtundu ndi mtundu, ndi amene amathandiza kusiyanitsa nsomba zofanana kwambiri, monga anachitira katswiri wa nsomba Amy Downing Meisner pamene anasanthula magulu a Dermogenys ndi Nomorhamphus mu 2001. Kwa inu woweta, chipsepse chimenechi ndi njira yodalirika yodziwira zazimuna, ndipo mukazizindikira musaziike zambiri m'thanki yaing'ono, chifukwa zazimuna za Dermogenys zimalimbana polumana zibwano mpaka zina kuvulala.