"Ukwati liti?" Yankho kwa mtsikana amene watopa ndi funsoli

Mtsikana wina wa zaka 28 watilembera kuti anzake ambiri akwatiwa, ndipo mayi ake ndi azakhali sasiya kumufunsa kuti ukwati liti. Ali pa chibwenzi cha chaka chimodzi, koma sakudziwa ngati akufunadi banja ndi mnyamatayo kapena akungofuna kuti anthu amusiye.

Achemwali, pali zinthu ziwiri zimene zasakanikirana m'mutu mwanu. Kubereka kuli ndi nthawi yake m'thupi. Pakamwa pa anthu palibe malire: mukakwatiwa adzafunsa za mwana, mwana akabadwa adzafunsa wachiwiri.

Za thupi zili chonchi. Mphamvu yobereka ya mkazi imatsika pang'onopang'ono akapitirira zaka 30, ndipo imatsika msanga akadutsa 35. Madokotala amalangiza kukayezetsa ngati mwayesa kutenga mimba kwa miyezi 12 osatheka, kapena miyezi 6 ngati mkazi wafika zaka 35. Pa zaka 28 simunachedwe. Koma ngati msambo umadumphadumpha kapena umapweteka kwambiri, kaonaneni ndi dokotala panopa, osadikira ukwati.

Nkhani yaikulu ndi ya mnyamatayo. Musamufunse kuti "undikwatira liti?" mutangochokera ku ukwati wa mnzanu mtima uli m'mwamba. Iye amamva ngati mlandu, n'kutchula mwezi wongofuna kuti nkhani ithe, ndipo mweziwo ukadutsa mumayambana. Sankhani tsiku lomwe nonse mwapuma, mukhale pansi ola lathunthu, mafoni ali kutali. Mufunsane ngati nonse mukufuna ana ndiponso liti, aliyense ali ndi ngongole zingati, mudzakhala kuti, abale muziwathandiza motani, za chipembedzo mukugwirizana pati. Mukayezetsenso HIV limodzi. Amene amazemba mafunso amenewa mobwerezabwereza wakuyankhani kale. Inunso dzifunseni: pakanapanda wondifunsa, ndikanafunabe kukhala naye?

Mayi anu lankhulani nawo paokha, osati pagulu, chifukwa pamaso pa azakhali sangabweze mawu. Funso lawo nthawi zambiri limachokera m'nkhawa, choncho ayankheni mwaulemu: "Amayi, nkhawa yanu ndaimva. Nkhaniyi ikapsa, oyamba kudziwa mudzakhala inu." Bwerezani mawu omwewo nthawi zonse. Musatchule zifukwa zambiri, chilichonse chimayambitsa mtsutso wina. Musalonjezenso tsiku labodza, adzalisunga.

Ngati zithunzi za maukwati zikukupwetekani mtima, Facebook imalola kubisa zolemba za munthu kwa masiku 30 iye osadziwa.

Mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposa tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, ndipo mukuthawa anthu, pitani kwa mlangizi kapena kuchipatala. Matenda a nkhawa amachiritsika.