Mafunso a Owerenga: Makalata ndi Mapu Akale M'kalasi

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale ndi jogalafe ku sekondale. Ndikufuna ana aziona okha makalata ndi mapu akale m'malo mongoloweza za m'buku. Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, yambani ndi chikalata chimodzi chosapitirira tsamba, cholembedwa ndi munthu amene analipo pa nthawiyo: kalata, lipoti la boma, kaundula wa kalembera kapena nyuzipepala ya tsiku lomwelo. Ana asanalowe m'nkhani, apeze amene analemba, tsiku, malo, ndiponso amene ankalemberedwa. Chomalizachi ambiri amachidumpha, koma mpamene pagona nkhani. Mkulu wotolera msonkho polembera mabwana ake sanganene kuti anthu athawa nkhanza za asilikali ake. Iye angoti anthuwo ndi osamvera. Choncho pambali pa lipotilo ikani umboni wa mbali inayo, monga dandaulo la anthuwo kukhoti, ana aone pamene awiriwa akusemphana.

Samalaninso ndi madeti. Ku Britain mu 1752 anthu anagona pa 2 September n'kudzuka pa 14 September chifukwa chosintha kalendala. Russia inasintha mu 1918, n'chifukwa chake 25 October 1917 wa m'makalata awo ndi 7 November kwa ife.

Mapu muziyamba kuwawerenga m'mphepete. Chaka choyeza malo ndi chaka chosindikiza zimatalikirana nthawi zambiri, ndipo chofunika ndi choyezacho. Pa mapu a 1:50,000, masentimita 2 akuimira kilomita imodzi. Koma mukawachepetsa pa fotokope, nambala imeneyi yafa. Yezerani pa kamzere ka sikelo, poti nako kachepa limodzi ndi mapuwo. Onaninso kajambulidwe: njira ya Mercator ya mu 1569 inapangidwira oyenda panyanja, ndipo imaonetsa Greenland ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu pafupifupi ka 14. Pamene wojambula anasiya poyera sikuti panalibe anthu ayi, kawirikawiri iye ndiye sanafikeko. Mayina nawo amasintha: wofufuza za Kinshasa chisanafike chaka cha 1966 afunefune Léopoldville.

Funso: Nanga ndingaonetse bwanji kuti malo asintha m'kupita kwa zaka?

Yankho: Zithunzi za setilaiti za Landsat zilipo kuyambira 1972, ndipo bungwe la boma la America loona za nthaka ndi mapu la USGS limazipereka ulere pa intaneti. Nyanja ya Aral, ya pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan ku Asia, ndi poyambira pabwino: inaphwa kwambiri madzi a mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya atapatutsidwira kuminda ya thonje. Sankhani zithunzi ziwiri zopanda mitambo, za mwezi umodzimodzi koma zaka zosiyana. Mukayerekeza cha nyengo ya mvula ndi cha chilimwe, ana adzati nkhalango yatha pomwe mitengo yangoyoyola masamba.