Seal ya pinion ikudonthabe? Yambani mwafunsa za nati ija

Imelo yanu ndailandira, achimwene. Mwati Hilux yanu yakale ikudontha oyilo pamene pulopela (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini kumbuyo) imakumana ndi difu yakumbuyo, seal (kampira kotsekera oyilo) mwasinthitsa kawiri chaka chino koma ikudonthabe, ndipo tsopano mukasiya kuponda moto difu ikumalira. Mukufunsa ngati mugule seal ina yodulirapo.

Musagule kaye. Kulira mwatchulako ndi kumene kwandiwawa mtima, chifukwa nkhani zotere zimayenda njira imodzi: galimoto imalowa m'galaja ndi vuto la kampira kotchipa, nkutuluka ndi vuto la ma bearing. Wogwira ntchitoyo amaona nati yaikulu pakati pa flange, chitsulo cha pa difu chomwe pulopela imamangidwapo, nkuiyesa yofanana ndi ya tayala, yoti ukamanga kwambiri ndiye kuti wachita bwino. Nati imene ija ili ndi ntchito ina.

Pinion ndi giya yaing'ono yomwe imalandira mphamvu kuchokera ku pulopela nkumazunguza crown wheel, giya yaikulu ya m'difu. Imakhala pa ma bearing awiri oyang'anizana, ndipo pakati pawo pali kachitsulo kozungulira kotchedwa crush sleeve, komwe kamafinyika nati ikamamangidwa. Kufinyika kumeneko ndiko kumapereka preload, kutanthauza kuti ma bearing agwirane mokwanira, osagwedera komanso osapanikizana. Kachitsuloko kakafinyika sikabwereranso. Mukapyola muyezo, ma bearing amatentha, amadyeka, ndipo pakapita nthawi pinion imayamba kugwedera. Mukamanga mosakwanira, imagwedera kuyambira tsiku lomwelo. Pinion yogwedera imavinitsa flange, mlomo wa seal umalephera kuitsata, oyilo nkupeza njira. Mano a magiya nawonso sakumananso pamalo pake, nchifukwa chake kulirako kumamveka kwambiri mukasiya moto, nthawi yomwe matayala ndi amene akukankha pinion.

Onani manambala kuti mumvetse kuchepa kwa malire ake. Pa difu yakale ya Toyota ya mainchi 8, buku la fakitale limati nati iyambire pa 196 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira kapena yozunguzira) ndipo isapyole 343 Nm, koma mphamvu yozunguzira pinion ikhale pakati pa 0.9 ndi 1.3 Nm ngati ma bearing ndi akale, kapena 1.9 mpaka 2.5 Nm ngati ndi atsopano. Madifu ena ali ndi manambala awoawo, choncho pezani a galimoto yanu. Chomwe ndikufuna muone nchakuti nambala yolamula ntchito yonseyi ndi yaing'onoyo, ndipo dzanja lokoka paipi ya mita imodzi silingaimve. Apa ndinena mosabisa: makaniko amene amamanga nati ya pinion ndi mfuti ya mpweya (makina omangira ndi kumasulira manati), kapena kudumphira pa paipi, asakhudze difu yanu, ngakhale atakhala katswiri pa injini. Mfuti ndi yomasulira basi. Ndipo amene wapyola muyezo nkubweza nati m'mbuyo pang'ono kuti "ipepuke" wawonjezera vuto, chifukwa sleeve yafinyika kale ndipo natiyo yatsala yopanda choikankha. Pamenepo mankhwala ake ndi sleeve yatsopano.

Komanso seal siimangotha yokha popanda chifukwa, makamaka kawiri m'chaka chimodzi. Pamwamba pa chitsulo cha axle pali kanthu kakang'ono kokhala ndi chipewa, breather, komwe anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti kalipo. Difu ikatentha, mpweya wam'kati umafufuma ndipo umatulukira pamenepo. Matope a dzinja akauma pa kachipewako, mpweya umasowa kolowera nkukankha oyilo kudzera pa seal yofooka, kaya ya pinion kaya ya ku mawilo, komwe amakanyowetsa mabuleki. Kachipewako kayenera kugwedezeka mukakagwira ndi zala. Ngati kauma gwa, masulani breather yonse, muitsuke ndi parafini, muipemerere. Kwa amene mumawoloka mitsinje vuto limabwera mbali inayo: difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira mpweya umanyala mwadzidzidzi, madzi nkukokedwera m'kati kudzera pa ma seal omwewo. Oyilo amasanduka woyererako, ma bearing amachita dzimbiri. Galimoto yoyenda m'misewu yakumudzi ndimaikonda ikakhala ndi kapaipi ka mpira kochokera pa bowo la breather kukafika m'mwamba pansi pa bodi, ndi kasefa kumapeto. Ndalama zake nzochepa poyerekeza ndi difu.

Za oyilo nazonso zimandidandaula. Magiya a difu amakhuzana mwamphamvu ndipo amafuna oyilo wa GL-5, kawirikawiri 80W-90. Wa injini sagwira, wa GL-4 wa m'giyabokosi sakwanira, ndipo wa m'mabotolo opanda chizindikiro ogulitsidwa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti ndi wanji. Ngati difu yanu ndi ya LSD, yomwe imachepetsa kuzungulira kwa tayala limodzi lokha poterera, imafuna oyilo wolembedwa LSD, apo ayi imagunda pokhota. Kudzaza mopyoza nakonso kumadonthetsa. Ndiye pali udzu, waya ndi majumbo zomwe zimakulungika kuseri kwa flange nkudula mlomo wa seal pang'onopang'ono. Yang'anani pamenepo mukachoka kumunda.

Zoyeza musanamasule kanthu

Tsukani difu yonse, muyende pang'ono, muone pomwe kunyowa kwayambira. Nthawi zina oyilo amachokera pa transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, nkuuluzidwa ndi mphepo kubwerera m'mbuyo, kapena pa gasketi ya difu. Kenako gwirani flange ndi manja awiri, muigwedeze m'mwamba ndi pansi, muikoke ndi kuikankha. Kuzungulira pang'ono uku ndi uku nkwabwinobwino, ndi mpata wa mano. Koma kugwedera kwina kulikonse, ngakhale kochepa, ndi ma bearing, ndipo seal yokha siithandiza.

Ngati flange ili nji, ntchito yake ndi iyi. Ikani galimoto pamalo osatsetsereka, matayala muwatsekere ndi miyala kapena matabwa kutsogolo ndi kumbuyo. Pulopela ikachoka, giya siigwiranso matayala akumbuyo, ndipo pa magalimoto ngati Land Rover Defender ndi Nissan Patrol yakale handibuleki imagwira pa transfer case, osati ku mawilo. Musalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Masulani pulagi yothirira oyilo musanamasule yokhetsera, zonse ndi soketi ya 24, kuti musakhetse oyilo nkupeza yothirirayo yakana. Lembani chizindikiro pa flange ya pulopela ndi ya difu kuti zidzabwerere momwe zinalili, masulani mabawuti anayi a 14, pulopelayo muimangirire m'mwamba ndi waya, isalendewere kapena kusololoka.

Tsopano pofunika penipeni. Lembani mzere umodzi wa penti kapena wa punch wodutsa pa nsonga ya pinion, pa nati ndi pa flange, ndipo werengani timizere ta pinion tomwe tatulukira kunja kwa nati. Jambulani ndi foni. Ngati mulibe torque wrench yaing'ono, sipanala yoyezera preload, sikelo yapamanja yokoka imathandiza: matayala ndi madiramu zitachotsedwa, mangani kachitsulo pa flange, kokani pa masentimita 10 kuchokera pakati, ndipo kilogalamu imodzi pamenepo ndi pafupifupi 1 Nm. Lembani nambala yomwe flange yayambira kuyenda. Ndi tchizulo chaching'ono, wongolani pomwe nati inakhomedwa kuti isamasuke yokha. Gwirani flange ndi chitsulo chachitali chobowola mabowo awiri chomangidwa pa mabawuti ake, mumasule nati ndi soketi ya 30, mukuwerenga kuti yazungulira kangati. Flange ikokeni ndi puller, chida chozulira. Kuimenya ndi hamala kumasiya zipsera m'ma bearing.

Yezani kuya komwe seal yakale inakhala musanaizule, ndipo poizula musakande chitsulo chomwe imakhalamo. Pitirizani chikhadabo pa flange pomwe mlomo wa seal umayenda. Chikakodwa mu kangalande, seal yatsopano idzadontha ngakhale itakhala ya Toyota yeniyeni. Pamafunika flange ina kapena kachitsulo kopyapyala kovekapo, monga Speedi-Sleeve ya SKF. Pakani girizi pa mlomo wa seal ndi kuseri komwe kuli kasipuling'i kuti kasadumphe pokhoma. Mbali ya kasipuling'iyo iyang'ane m'kati. Khomani ndi paipi kapena soketi yofanana ndi m'mphepete mwake, pang'onopang'ono, ilowe yowongoka mpaka kuya kuja. Pakani silikoni pang'ono pansi pa washala, chifukwa oyilo amatha kuyenda m'mano a flange nkutulukira pa nati, anthu nkumanamizira seal. Bwezani flange pa chizindikiro chake, mangani nati ndi dzanja mpaka mizere ikumane, mupyole ndi milimita imodzi kapena awiri basi. Kokaninso ndi sikelo: nambala ikhale yomwe ija kapena kuposerapo pang'ono. Khomani nati pamalo pake, bwezani pulopela, thirani oyilo mpaka afike pakamwa pa bowo. Malita atatu akukwanirani. Mukayenda makilomita khumi, gwirani khosi la difu. Ngati likuotcha moti dzanja silingakhalepo, imani.

Koma kwa inu, achimwene, njira ya chizindikiroyi yachedwa. Imagwira pokhapokha nati ikanali pomwe fakitale inaisiya, ndipo yanu yamasulidwa kawiri ndi anthu omwe sanalembe kanthu. Kulirako kukusonyeza kuti ma bearing avulala kale. Difu ituluke: khetsani oyilo, masulani mapaipi a mabuleki ndi manati anayi a mbali iliyonse, sololani ma shaft, masulani manati khumi ozungulira difu, ipite patebulo. Pafunika ma bearing awiri a pinion, crush sleeve, seal, nati ndi gasketi, zonse zatsopano, ndipo aone ngati ma bearing a m'mbali ali bwino. Womangayo mumufunse kuti preload aiyeza ndi chiyani, mpata wa mano wa 0.13 mpaka 0.18 mm auyeza ndi chiyani, komanso ngati apaka utoto pa mano kuti aone pomwe akukumana. Akalephera kukuonetsani zida zimenezo, pitani kwina. Podikira ntchitoyi, yang'anani oyilo sabata iliyonse, musanyamule katundu wolemera, ndipo maulendo ataliatali ayambe aima.