Nyimbo munapeka ndinu, ndalama akulandira wakusitudiyo

Achimwene, mwalemba kuti munapeka nyimbo, munalipira situdiyo kuti akujambuleni, koma wojambulayo waiika pa YouTube, Spotify ndi Boomplay m'dzina lake ndipo ndalama akulandira yekha, ati chifukwa biti, kulira kwa zida zoimbira komwe kumaperekeza mawu, ndi yake. Mwatinso palibe pepala lomwe munasainirana.

Mtima ukhale m'malo, nyimboyo sinakupulumukeni. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza wopeka popanda kudikira kuti akalembetse kaye kwinakwake. Umwini umenewu umakhalapo moyo wanu wonse kuonjezera zaka 50 mutamwalira, ndiye ndi chuma cha ana anu. Ndipo sugulitsidwa pakamwa: kuti uchoke kwa inu upite kwa wina pamafunika kalata yomwe mwasaina.

Komabe ndisakunamizeni kuti mnzanuyo alibe kanthu. M'nyimbo imodzi muli maumwini awiri. Woyamba ndi wa chopekacho, mawu ndi maimbidwe. Ngati biti anapanga yekha, ali ndi gawo lake pamenepa, ndipo khoti likhoza kukuonani ngati opeka awiri. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chomwe oimba mumati masita. Lamulo limayang'ana yemwe anayambitsa ntchito yojambula n'kusenza udindo wake, osati yemwe anakhala pa kompyuta. Poti munalipira ndinu, mbali imeneyi ikupendekera kwa inu. Kukhala ndi gawo pa biti sikum'patsa mphamvu yogulitsa mawu anu ndi liwu lanu popanda chilolezo.

Umboni ndiye nkhani yonse. Lero lomwe sungani uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba womwe munalipirira situdiyo, zokambirana za pa WhatsApp, kope lomwe munalembamo mawu, ngakhale kaja munajambula pa foni mukuyeserera ndi gitala. Jambulaninso tsamba lomwe nyimboyo ikuoneka, dzina la akaunti ndi tsiku zioneke. Chitani izi musanamuuze chilichonse, chifukwa akadziwa akhoza kufufuta.

Mukatero pitani ku COSOMA (Copyright Society of Malawi), bungwe loteteza umwini wa zopeka, mukalembetse nyimboyo ndi kunena za mkanganowu. Bungweli ndi lomwe limatolera ndalama ku mawailesi, ma TV ndi malo azisangalalo, kuphatikizapo za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo limagawa potengera zomwe zili m'kaundula wake. Zimandiwawa kuona oimba akudandaula kuti salandira kanthu pomwe nyimbo zawo sanazilembetse n'komwe.

Kenako mulembereni kalata yomupatsa masiku, mwina 14, kuti aonetse ndalama zonse zomwe walandira, akupatseni gawo lanu, ndipo nyimboyo isamukire ku akaunti yanu. Akakana, mukhoza kudandaula ku makampani omwe akuimba nyimboyo kuti aichotse, koma apa musapupulume. Ikachotsedwa pa YouTube, chiwerengero cha omwe anaionera chimapita nayo limodzi, ndipo masiku ano okonza zoimbaimba amayang'ana chiwerengero chimenecho asanakuitaneni. Ine ndimalangiza kugwirizana kaye. Zikakanika, khoti lili ndi mphamvu yomuletsa, yomulamula kuulula zomwe wapeza, komanso yokupatsani chipukuta misozi. Ngati ndalama ya loya palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau.

Nthawi ya makaseti, woimba ankapita kwa O.G. Issa, wogulitsa makaseti a nyimbo ku Limbe, n'kudziwa kuti agulitsa angati. Pano ndalama imalowa mwakachetechete kwa yemwe watsegula akaunti ku makampani ofalitsa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, ndiye akauntiyo ikhale yanu, imelo ndi nambala yachinsinsi muzisunga nokha. Nyimbo yotsatira musatuluke musitudiyo opanda pepala, ngakhale lolemba pamanja, lonena dzina la nyimbo, wopeka mawu, wopanga biti, maperesenti a aliyense, mwini masita, tsiku, ndi siginecha za nonse pamodzi ndi mboni.