Odwala 12 usiku umodzi: kodi ndingopirira?

Mayi wina wa kwathu ku Malawi, yemwe ndi namwino pa chipatala china cha boma (NHS) ku England, wandilembera imelo. Akuti usiku amamusiyira odwala okalamba 12, iye ndi womuthandizira mmodzi yekha. Mnzawo akajomba chifukwa chodwala, mabwana amakana kuitana namwino waganyu, ati bajeti ya wodi inatha kale. Kukacha foni imangolira: tulutsani odwala, mabedi akufunika. Funso lake ndi ili: "Ndingopirira kapena ndilankhule? Visa yanga ili m'manja mwa chipatalachi, ndipo kumudzi akudalira ine."

Achemwali, mantha anuwo ndi omveka. Ntchito ikatha, kawirikawiri Home Office, unduna woona za ma visa, imakupatsani masiku 60 okha kuti mupeze wina wokulembani. Komabe kupirira kumene mukunenaku ndi kumene ndikukuopera kwambiri.

Mukadumpha nthawi yopuma, n'kudya nsima yanu yozizira choimirira 4 koloko m'mawa, n'kutsalira ola lathunthu shifiti itatha kuti mumalize kulemba, pa kompyuta ya bwana pamaoneka kuti usiku unayenda bwino. Palibe anagwa, mankhwala anaperekedwa. Ndiye adzawonjezeranji antchito? Khama lanu lomwelo ndi limene likubisa vutolo.

Fufuzani nkhani ya chipatala cha Stafford, komweko ku England. Kuyambira cha m'ma 2005, akuluakulu ake ankafunitsitsa kuti chikhale foundation trust, udindo umene unkapatsa chipatala ufulu wochuluka pa ndalama zake. Kuti mabuku aoneke bwino anadula ndalama, anachepetsa antchito, ndipo mu 2008 udindowo anaupezadi. Koma m'mawodi odwala ankagona pa zofunda zonyowa ndi mkodzo kwa maola ambiri, ena chakudya ankangowaikira patali pomwe dzanja silifika. Ku A&E, chigawo cha ngozi ndi matenda adzidzidzi, nthawi zina alembi a pakhomo, osaphunzira zachipatala, ndi amene ankaona kuti woyamba kuthandizidwa akhale ndani. Namwino wina wa kumeneko, Helene Donnelly, anaulula kuti ankakakamizidwa kunama pa nthawi yolembedwa kuti zioneke ngati wodwala sanadikire kupitirira maola 4 amene boma linaika. Lipoti la mu 2013 la Robert Francis, loya amene anatsogolera kafukufuku wa nkhaniyi, linatuluka ndi mfundo 290 zoti zikonzedwe.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti chaka chomwecho bungwe la NMC, lomwe limalembetsa ndi kuyang'anira anamwino ku UK, linachotsa m'kaundula anamwino awiri a ku A&E ya chipatalacho, ndipo umodzi mwa milandu yawo unali wosintha nthawi zija. PIN, nambala yanu ya m'kaundula wa NMC, ndi yanu, si ya chipatala. Tsiku limene agogo ena adzagwe pabedi n'kuthyoka chiuno, amene adzafunsidwe ndi uja dzina lake lili pa pepala la shifiti, osati amene anakonza bajeti.

Musaganizenso kuti mukungodandaula ngati munthu waulesi. Kafukufuku wa Linda Aiken wa mu 2002, m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi, chiopsezo choti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti. Mu 2014 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linachenjeza kuti namwino mmodzi akamasamalira odwala oposa 8 masana, ngozi zimachuluka. Ku California zinafika poika lamulo, ndipo m'mawodi wamba namwino sapitirira odwala 5.

Tsono lankhulani, koma polemba. Kudandaulira sister, namwino wamkulu wa wodi, pakhonde mawu amapita ndi mphepo. Shifiti iliyonse imene mwaperewera, lembani lipoti pa Datix, pulogalamu ya pakompyuta yolemberapo zovuta zochitika m'chipatala, kapena njira imene chipatala chanu chimagwiritsa ntchito. Musalembe kuti "tinatopa kwambiri". Lembani kuti anamwino analipo angati, odwala angati, insulin wa 10 koloko anaperekedwa 11:40, odwala atatu sanatembenuzidwe pa nthawi yake, munaimbira site manager (woyang'anira chipatala chonse pa shifitiyo) nthawi yakuti ndipo anayankha zakuti. Sungani tsiku ndi nambala ya lipoti m'kabuku kanu, popanda mayina a odwala. Ndipo nthawi yabodza musadzalembe, ngakhale bwana atakupemphani mokoma chotani.

Musayende nokha. Ife alendo timakonda kuweramitsa mutu, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi. Ngati simunalowe RCN kapena Unison, mabungwe oimira anthu apantchito, lowani mwezi uno, chifukwa mabungwewa amavuta kukuimirirani pa nkhani imene inayamba musanalowe. Chipatala chilichonse cha NHS ku England chili ndi Freedom to Speak Up Guardian, amene mungamuuze nkhawa zanu osadzera kwa bwana wa wodi. Lamulo la Public Interest Disclosure Act la mu 1998 limateteza woulula zoika odwala pangozi. Sindikunamizani kuti palibe amene adzakuyang'aneni ndi diso lofiira, n'chifukwa chake ndi bwino kuti malipoti azichokera kwa anamwino angapo a wodi yomweyo.

Za kutulutsa odwala mofulumira, pamenepo bwana sakulakwa kotheratu: pansi ku A&E kuli wina wagona pa trolley kudikira bedi lomwelo. Ngati mukuona kuti wodwala sanafike potuluka, uzani dokotala chifukwa chake ndipo mulembe mu fayilo. Zikapanda kusintha pakapita miyezi, yambani kufunsira ntchito ku chipatala china chimene chingakuimirireni pa visa yanu (sponsorship), koma musasiye kumene muliko kalata yatsopano isanafike m'manja.